Tiye ku Dambo, Kamphepo

Panali mtsikana wina wamng'ono. Kwawo ankamutcha Kamphepo. Dzinali anamupatsa ndi agogo ake aamuna. Mwanayu sankadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Akatumidwa, ankathamanga. Akaitanidwa, ankathamanga. Ngakhale pokagona, ankathamanga.

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna nkhalango ya Agogo. Ankafuna kuti ikhale yake. Yake yekha basi.

Nkhalangoyo inali kuseri kwa nyumba yawo. Munali mitengo italiitali. Munali tinjira tokhotakhota. Munali agologolo a michira yaikulu. Munali mbalame zolira mosiyanasiyana.

Kumapeto kwa nkhalango kunali dambo. Ku damboko kunali mabango. Kunali achule. Kunali abakha akutchire. Kunali atombolombo ouluka pamwamba pa madzi. Panalinso mwala waukulu wosalala. Kamphepo ankakonda kukhala pamwalapo. Agogo ankakhala pambali pake.

Tsiku lina Agogo anaitana onse patebulo. Amayi a Kamphepo anabwera. Kamphepo anabwera akuthamanga.

"Ndili ndi nkhani," anatero Agogo. "Nkhalango ija ndapereka."

"Mwapereka kwa ndani?" anafunsa Kamphepo.

"Kwa anthu onse. Dambo nalonso ndapereka. Palibe adzadule mitengo. Palibe adzamange nyumba mmenemo. Nyama zidzakhala mwamtendere. Aliyense adzabwera kudzaona."

"Mwachita bwino, bambo," anatero Amayi.

Koma Kamphepo anakwinya nkhope.

"Nanga ine?" anafunsa. "Bwanji simunandipatse ine?"

"Iwenso uli m'gulu la anthu onse," anatero Agogo akumwetulira. "Kapena ndiwe gologolo?"

Amayi anaseka. Agogo anaseka. Kamphepo sanaseke. Anadzuka pampando. Analowa m'chipinda chake. Anamenyetsa chitseko.

Posakhalitsa kunabwera anthu antchito. Anaika geti polowera m'nkhalango. Anakhoma chikwangwani chachikulu. Anamanga kanyumba pafupi ndi geti. M'kanyumbamo munkakhala mayi wina woyang'anira malowo. Anthu ankawatcha Amlonda.

Kenako kunayamba kubwera alendo. Kunabwera ana a sukulu. Kunabwera abambo atanyamula ana pamapewa. Kunabwera achinyamata ojambula mbalame. Onse ankayenda m'tinjira ta Agogo.

Kamphepo ankawaona pawindo. Ankawaona akulowa. Ankawaona akutuluka akuseka.

"Atilanda nkhalango," ankatero mumtima. "Akukhala pamwala wanga."

M'mawa wina Agogo anagogoda pachitseko chake. Anali atavala chipewa. Anali atagwira ndodo yawo.

"Tiye ku dambo, Kamphepo," anatero Agogo. "Ndaona katumbu. Katumbu ndi kanyama kosambira m'madzi. Ali ndi ana ang'onoang'ono. Akuwaphunzitsa kusambira."

Kamphepo anali asanaonepo ana a katumbu. Mtima wake unkafuna kupita. Miyendo yake inkafuna kupita. Koma pakamwa pake panakana.

"Sindipita," anatero.

"Chabwino," anatero Agogo. Anapita okha.

Tsiku lina Agogo anagogodanso.

"Tiye ku dambo, Kamphepo. Ana aja ayamba kudumphira m'madzi. Wina ndi wamantha. Mayi ake amachita kumukankha."

"Sindipita," anatero Kamphepo.

"Chabwino," anatero Agogo. Anapitanso okha.

Agogo sanatope. Anagogodanso tsiku lina.

"Tiye ku dambo, mdzukulu wanga. Ana sachedwa kukula. Ukachedwa, suwaona."

Kamphepo anatsegula chitseko pang'ono.

"Pitani ndi alendo anuwo!" anatero mokweza.

Agogo anamuyang'ana. Anakonza chipewa chawo. Kenako anatuluka.

Kamphepo anathamangira pawindo. Anawaona Agogo akuyenda. Ankayenda pang'onopang'ono. Atafika pageti, anaima. Anatembenuka. Anayang'ana kuwindo. Kamphepo anabisala kuseri kwa katani. Atasuzumiranso, Agogo anali atalowa m'nkhalango.

Pasanapite nthawi, Agogo anadwala. Anadwala kwambiri. Amayi anapita nawo kuchipatala. Anakhalitsa kumeneko.

M'nyumba munali zii. Panalibe wogogoda pachitseko. Ndodo ya Agogo inali pakona. Chipewa chawo chinali pamsomali. Kamphepo ankachiyang'ana. Chakudya sichinkamukomera.

Kenako Agogo anabwerako. Kamphepo anathamangira panja. Koma atawaona, anaima. Agogo sanatsike okha m'galimoto. Anachita kuwanyamula. Anawakhazika pampando wa matayala.

"Amayi, Agogo ayenda liti?" anafunsa Kamphepo monong'ona.

Amayi anamugwira paphewa.

"Miyendo yawo yafooka, mwanangu," anatero. "Adokotala akuti sayendanso."

Tsopano Agogo ankakhala pawindo. M'mawa ankakhala pawindo. Masana ankakhala pawindo. Ankayang'ana mitengo. Ankayang'ana alendo akulowa pageti. Ena ankawabayibitsa. Agogo ankakweza dzanja.

Agogo sanagogodenso pachitseko. Sananenenso za dambo.

Kamphepo ankadikira. Ankafuna amve mawu aja. Ankafuna ayankhe kuti inde. Koma Agogo sanamuitane.

"Ndikanapita nawo," anatero Kamphepo mumtima. "Ndikanapita tsiku lija."

Tsiku lina anatenga chipewa pamsomali. Anachiika pamutu pa Agogo.

"Agogo, tiyeni ku dambo," anatero.

Agogo anaseka pang'ono. Anamenya mawondo awo ndi dzanja.

"Funsa awa," anatero. "Ine ndikawauza kuti tiyeni, amati sitipita. Kaya atengera ndani khalidwe limeneli."

Agogo ankangocheza. Koma Kamphepo sanaseke. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Ndikukankhani ine," anatero. "Ndili ndi mphamvu."

"Iwe? Timikono timeneti?"

"Eya, timeneti."

Amayi anawatsegulira chitseko. Kamphepo anagwira mpando kumbuyo. Anakankha. Mpando unayenda. Anadutsa pabwalo. Anadutsa pageti. Agogo anapuma mpweya wa m'nkhalango.

"Aaa, kununkhira masamba!" anatero.

Koma kanjira kanali ndi mizu. Tayala linagunda muzu. Mpando unaima. Kamphepo anakankha. Amayi anathandiza. Mpando unadumpha muzuwo. Agogo anagwedezeka. Chipewa chinagwa.

Patsogolo panali matope. Matayala analowa m'matope. Kamphepo anakankha. Amayi anakoka. Mpando sunasunthe. Anakankhanso. Anakokanso. Mpando unapendekeka. Agogo anatsala pang'ono kugwa.

"Basi, ana anga," anatero Agogo. "Tibwerere. Mwayesetsa."

Anabwerera kunyumba. Matayala anali matope okhaokha. Amayi anawatsuka pakhomo. Agogo anakhalanso pawindo. Sanadandaule. Koma anasunga tsamba limodzi m'dzanja. Linali litawagwera pamwendo. Ankalinunkhiza.

Kamphepo anaona zimenezi. Mtima unamuwawa kwambiri.

M'mawa mwake anapempha Amayi.

"Amayi, ndipite ku dambo?"

"Pita, mwanangu. Ukawauze Amlonda kuti walowa."

Kamphepo analowa m'nkhalango. Ulendo uno sanathamange. Anayenda akuyang'ana pansi. Anaona mizu. Anaona matope. Anaona miyala. Kale sankaziona zimenezi. Ankangozidumpha.

Anafika ku dambo. Anakhala pamwala uja. Achule ankalira. Abakha ankasambira. Pambali pake panalibe munthu.

Anayang'ana m'madzi. Anayang'ana m'mabango. Ankafuna aone ana a katumbu. Ankafuna akawauze Agogo. Anadikira. Anadikirabe. Sanaone kanthu.

Kenako kunabwera Amlonda. Anavala nsapato za jombo. Ananyamula thumba lotolera zinyalala.

"Ukufuna chiyani m'madzimo, mwanawe?" anafunsa Amlonda.

"Ana a katumbu."

"Aa, wachedwa. Anakula amenewo. Anapita kukafuna malo awo."

"Sabweranso?"

"Amenewo ayi. Mwina kudzabadwa ena."

Kamphepo anaphimba nkhope ndi manja. Analira. Analira mpaka mapewa kugwedezeka. Amlonda anaika thumba pansi. Anakhala pambali pake.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa Amlonda.

"Agogo ankandiitana," anatero Kamphepo. "Ankati tiye ku dambo. Ine ndinkakana. Ndinawauza kuti apite ndi alendo. Pano sayenda. Mpando wawo ukukanika m'matope."

"Agogo ako ndi aja anapereka malo ano?"

"Eya."

Amlonda anaganiza. Anayang'ana kanjira. Anayang'ana matope.

"Ndiye kuti mwini mphatso sangaione mphatso yake," anatero. "Ayi, sizili bwino."

Chapafupi panali bambo wina. Ankapuma pansi pa mtengo. Kukhutu kwake kunali pensulo. Anali kalipentala. Ankabwera kudzapuma akaweruka kuntchito. Anamva zonse.

"Pepani, ndalowerera," anatero Akalipentala. "Mpandowo ndi waukulu bwanji?"

Kamphepo anapukuta misozi. Anatambasula manja.

"Chonchi."

"Chabwino. Matope si nkhani. Tikhoza kuyala matabwa pamwamba. Tikhoza kupanga kanjira ka matabwa. Kochokera pageti mpaka pano."

"Osadula mitengo ya muno!" anatero Kamphepo msanga.

Akalipentala anaseka.

"Ayi, bwana. Kwathu ndili ndi matabwa akale. Anzanganso ali nawo."

Amlonda anauza alendo pageti. Alendowo anauza anzawo. Anzawo anauzanso anzawo.

Loweruka m'mawa Kamphepo anamva phokoso. Anasuzumira pawindo. Pageti panali anthu ambiri. Ena ananyamula matabwa. Ena ananyamula mahamala. Ena anabwera ndi mawilibala. Ana a sukulu analiponso. Achinyamata ojambula mbalame analiponso.

Kamphepo anawazindikira. Anali anthu omwe aja. Aja ankati amulanda nkhalango. Anachita manyazi. Anatuluka pang'onopang'ono.

"Bwana afika!" anatero Akalipentala. "Bwera, utigwirire misomali."

Kamphepo anagwira chitini cha misomali. Wina akaitana, ankathamanga. Wina akaitananso, ankathamanganso.

"Misomali kuno!"

"Ndikubwera!"

"Kunonso misomali!"

"Ndikubwera!"

Kho! Kho! Kho! Mahamala analira. Thabwa linagona. Linzake linagona. Kanjira kanayamba kutalika.

Atafika pa mtengo wina waukulu, anthu aja anaima. Muzu wake unatsekereza njira.

"Tiudule muzuwu," anatero mnyamata wina.

"Ayi," anatero Amlonda. "Mtengowu unayamba ndiwo kukhala pano. Tiulambalale."

Kanjira kanakhota. Kanaulambalala mtengo.

Ntchito sinathe tsiku limenelo. Matabwa anaperewera. Loweruka lina kunagwa mvula. Palibe anabwera. Kamphepo anada nkhawa. Agogo ankatsokomola. Ankagona kwambiri masana.

"Amayi, nanga kanjira kakachedwa?" anafunsa.

Amayi anangomukumbatira.

Koma mvula inakata. Anthu anabweranso. Anabwera ndi matabwa ena. Kho! Kho! Kho! Kanjira kanadutsa pamatope. Kanadutsa pakati pa mabango. Kanafika ku dambo. Kumapeto anapanga pamalo potakata. Anaikapo chotchingira kuti munthu asagwe.

Kamphepo anathamangira kunyumba. Anapeza Agogo pawindo. Anagwada pafupi ndi mpando.

"Agogo, tiyeni ku dambo."

"Ndamva mahamala masiku onsewa," anatero Agogo. "Ndimayesa agogomole akula."

Agogomole ndi mbalame zogogoda mitengo. Kamphepo anaseka. Amayi anaseka. Anawaveka Agogo juzi. Anawafunditsa kabulangeti m'miyendo.

Kamphepo anakankha mpando. Anadutsa pabwalo. Anadutsa pageti. Matayala anakwera pamatabwa. Gudu, gudu, gudu! Mpando unayenda bwinobwino. Sunagunde muzu. Sunalowe m'matope.

Agogo ankayang'ana uku ndi uku. Ankaloza mitengo. Gologolo anadutsa pamatabwa. Anaima. Anawayang'ana Agogo. Kenako anathawa.

"Wandiiwala ameneyu," anatero Agogo.

Anthu anaima m'mbali mwa njira. Akalipentala anavula chipewa. Ana a sukulu anaomba m'manja.

"Zikomo, Agogo!" anatero ana aja.

"Zikomo ndi inu," anatero Agogo.

Anafika ku dambo. Kamphepo anaimitsa mpando. Madzi anali phee. Mphepo inkagwedeza mabango. Mbalame yoyera inaima ndi mwendo umodzi. Agogo anayang'ana kwa nthawi yaitali.

Kamphepo anaima pambali pawo. Anaweramitsa mutu.

"Agogo, pepani," anatero. "Ndinakuyankhani mwano. Munapita nokha. Ana a katumbu sindinawaone. Anakula. Anapita."

"Eya, anapita," anatero Agogo. "Ndinkafuna uwaone. Zinandiwawa, mdzukulu wanga."

Kamphepo anayamba kulira. Agogo anamukokera pafupi. Anamupukuta misozi ndi kabulangeti.

"Inenso ndinalakwa," anatero Agogo. "Ndikanakufunsa kaye. Malo ano unkawakonda. Ndinangokudzidzimutsa patebulo."

"Ndikanakana," anatero Kamphepo.

"Ndikudziwa. Pakukana ndiye ndiwe katswiri."

Kamphepo anaseka misozi ili m'masaya.

Kenako anamva phokoso kumbuyo. Gudu, gudu, gudu! Onse anatembenuka. Kunkabwera mpando wina wa matayala. Unali waung'ono. Pampandopo panali kamtsikana. Kanali kofanana msinkhu ndi Kamphepo. Bambo ake ankakakankha.

"Tingafike nawo?" anafunsa bamboyo. "Mwanayu sanaonepo dambo. Timangobwerera pageti."

Kamphepo anayang'ana Agogo. Anayang'ana kamtsikana kaja. Kenako anasuntha mpando wa Agogo pang'ono.

"Bwera apa," anatero. "Apa ndiye pooneka bwino."

Kamtsikana kanafika pafupi ndi madzi. Kanatong'ola maso.

"Kaja n'chiyani?" kanafunsa.

"Ndi tombolombo," anatero Kamphepo.

"Nanga chikulira uko?"

"Ndi chule. Dikira, umuona. Yang'ana pa tsamba lalikululo."

Chule anadumpha. Chubwi! Kamtsikana kanakuwa ndi chimwemwe. Kanaomba m'manja.

"Abambo, mwamuona? Mwamuona?"

"Ndamuona, mwanangu."

Anakhala pamenepo nthawi yaitali. Kamphepo ankaloza. Kamtsikana kankafunsa. Kamphepo akapanda kudziwa, ankafunsa Agogo. Agogo ankayankha.

Kenako kunayamba kuzizira.

"Bambo, tizipita," anatero Amayi. "Mungayambe kutsokomola."

Anatembenuza mipando. Mipando iwiri inaima moyandikana. Agogo anayang'ana kamtsikana kaja. Anatsinzinira diso limodzi.

"Mayi, galimoto yanuyi imathamanga?" anafunsa Agogo.

"Kwambiri!" kanatero kamtsikana.

"Kuposa yangayi? Tipikisane. Wofika pageti woyamba wapambana."

"Bambo!" anatero Amayi. "Pa msinkhu wanuwu?"

"Woyendetsa, wakonzeka?" anafunsa Agogo.

"Ndakonzeka!" anatero Kamphepo.

Gudu, gudu, gudu! Mipando inanyamuka. Kamtsikana kanatsogola. Kankaseka. Agogo anagwira chipewa ndi dzanja.

"Ponda moto, woyendetsa! Atisiya!"

Amayi ankathamanga pambuyo.

"Pang'onopang'ono! Inu, pang'onopang'ono!"

Kamtsikana kanafika pageti koyamba. Kanakweza manja m'mwamba. Amlonda anakaombera m'manja.

Agogo anafika pambuyo. Ankaseka mpaka misozi. Kamphepo ankapuma wefuwefu. Amayi anafika atagwira m'chiuno.

"Taluza, Agogo," anatero Kamphepo.

"Taluza ndithu," anatero Agogo. "Vuto ndi matayala. Mawa uwathire mafuta."

"Mawa kulibe mpikisano," anatero Amayi.

Agogo anayang'ana Kamphepo. Kamphepo anayang'ana Agogo. Onse anagwira pakamwa.

"Ndakuonani," anatero Amayi. Koma nawonso ankaseka.

Amayi anagwira mpando mbali ina. Kamphepo anagwira mbali inayo. Anawakankha Agogo limodzi mpaka kunyumba.